Kabotolo ka mchere ka mlamu wanga

Tsiku loyamba kukaona kabotolo kameneka pa telefoni ya mng'ono wanga Deolinda, ndinkayesa ndi paudala wa mwana. Koyera, kamimba pang'ono, chivindikiro chake chobowolabowola. Deolinda anandiseka mpaka kugwira nthiti.

"Mana Domingas, inunso! Ndi mchere umenewo. Saleru. Anthu a m'tauni amasungira mmenemo."

Nanga ndikanadziwira kuti? Kuno ku Malowera mchere wathu ndi wamibulu, umakhala m'chitini chakale cha mkaka, ndipo timatapa ndi dzanja. Chibwerere ku Zambia, kumene tinakulira makolo atathawa nkhondo, sindinalowepo m'nyumba yokhala ndi kabotolo kotere. Koma kachithunzi ka m'telefoni, kaja ana a sukulu amati emoji, sikafunsa kuti kwanu mumadya bwanji. Kamangobwera, eni mudzi n'kukapezera ntchito. Ana a sukuluwo amakatumiza kwa mnzawo amene wanena nthabwala yosaseketsa. Mwini baraka, kagolosale ka pamsika, amakatumiza ku tauni ya Fingoè katundu akamuthera. Koma akazi a asodzi anakasenzetsa ntchito yolemera kuposa msinkhu wake.

Ndifotokoze, pakuti mlendo sangamve. Kwathu mchere si woseweretsa. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana mnzake. Mkazi amene wazembera mwamuna wake akathira mchere amadula a m'nyumba mwake: chifuwa, kutupa, kuwonda, ndiwo mdulo umenewo. Ndipo wamasiye, kuyambira tsiku limene mwamuna wake watsikira kuli chete mpaka anthu atameta, dzanja lake siliyandikira chitini. Akatekisita athu amati zimenezi ndi zachikale, ndipo ine ndimavomera, poti ndine wa kwaya. Koma akazi awo a akatekisitawo ndawathirirapo mchere kangapo, pakhomo pawo pomwe.

Tsono taganizani za mkazi wa msodzi. Mwamuna wa Deolinda, mlamu wanga Lino, anali mkamwini wabwino, wanthabwala zosatha, kungoti iye ndi khasu sankamwerana madzi. Akangokolola ankatsikira ku Zambezi, kumunsi kwa Chipera, kumene madzi a damu anatambalala osaoneka tsidya, n'kukhala komweko akuponya maukonde mpaka mvula ina. Kumeneko kuli mvuu, kuli ng'ona, kuli mphepo yobwera osagogoda. Munthu akhoza kufa m'mawa, uthenga n'kudzafika sabata inayo, mkazi wake ali kalikiliki kudyetsa ana mchere wa dzanja lamasiye, iye osadziwa. Kale akazi oterewa ankangovutitsa anansi chilimwe chonse: "Anzanga, dzandithirireni."

Matelefoni atabwera, wina, kaya ndani, anapeza nzeru. Kuimba kumadya kredito, kulemba kumafuna sukulu, ndipo Deolinda zilembo zinamuthawa akadali wamng'ono. Koma kachithunzi ndi kudina kamodzi. Mwamuna akatuluka m'madzi m'mawa amatumiza kabotolo, ndiye kuti: ndaponda pamtunda, ndili moyo, thira mchere. Basi.

Rede, netiweki ya telefoni, kwathu imagwira pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Dzuwa likakwera, nyemba zili pamoto, mumaona akazi a asodzi ali pachulupo, manja m'mwamba ngati akugwira ngumbi. Wina yake ikalira amatsika akuvina. Wina ikapanda kulira anzake amamuseka kuti wake wagona ndi kachasu, iye n'kupita kukapempha dzanja la mnansi. Ya Deolinda sinkaphonya. Lino pa zina anali wosadalirika, mbuzi ankaiwala kumasula, koma pa mchere ayi.

Tsiku limene ankanyamuka komaliza ndinamupeza akumanga katundu panjinga. Ndinamunena monga mwa masiku onse kuti mkamwini weniweni amasiya munda wososa, osati fungo la nsomba.

"Alamu, inu mumandinena masana, madzulo n'kumafunsa kuti pende wouma afika liti," anandiyankha. "Mundisungire patrowa wangayu, bwana wa pakhomo panga. Akamakupemphani kuti mumuthirire mchere, mudziwe kuti ndagona ndi ng'ona."

Tinaseka tonse, ngakhale Deolinda anamugenda ndi chitsononkho.

Uthenga woipa unafikira kwa Artur, mkulu wake wa Lino, chakumapeto kwa chilimwe. Anamuimbira ndi msodzi amene ankakwera bwato limodzi ndi Lino. Anati dzulo lake mvuu inanyamula bwato akukoka maukonde. Iye anasambira n'kukagwira mtengo, Lino sanaonekenso.

Ine monga wamkulu ndinaperekeza Artur kukanena. Tinamupeza Deolinda akutakasa nyemba, mwana wake Ivânia akusewera pambali. Artur anakhala pampando, chipewa m'manja, nayamba kuzungulira monga amachitira amuna. Deolinda anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anapukuta manja, namasula telefoni pamfundo ya chitenje.

"Alamu, akunamizani. Onani. Wabwera lero, ndangotsika kumene pachulu."

Kabotolo kanalipodi, ndipo pansi pake panalembedwa ora ya m'mawa womwewo. Ine ndinaseka ndi chimwemwe, ndinamunyoza Artur kuti amathamanga ndi mphekesera kuposa amayi a pamjigo. Deolinda anatapa mchere tikuona, nathira.

Artur sanaseke. Anatsikira yekha ku Zambezi, anafufuza m'mabango ndi asodzi ena mpaka onse anatopa, nabwerera ndi bulangete, kapoto kakuda ndi buluku limodzi. Telefoni panalibe, ndipo kumudzi kuno aliyense anati inali m'thumba mwa mwini wake. Masiku onsewo kabotolo kankabwera, m'mawa uliwonse, panthawi yake.

Tinaimba. Telefoni ya Lino inkaitana bwinobwino, kuitana mpaka kudula yokha. Artur anajambula mawu ataima pachulu, mitsempha ya m'khosi ili njo: "Ngati ndiwe mbala, sunga telefoniyo, sitikuifuna, koma lankhula! Ngati ndiwe Lino, mng'ono wanga, lankhula!" Tizizindikiro tinasonyeza kuti mawuwo amvedwa. Yankho silinabwere. Kutacha kunabwera mchere.

Apa m'pamene mantha analowa m'mudzi. Anthu anayamba kukumbutsana zimene asodzi amanena, zakuti pansi pa madzi amenewo pali midzi yathunthu imene inamira mtsinje utatsekedwa, ndi manda ake omwe, ndipo womira kumeneko amalandiridwa ngati mlendo, amapatsidwa mphasa, osadziwa kuti wafa mpaka a kwawo atamulira. Akazi ena anasintha nthawi yokwera pachulu kuti asakumane ndi Deolinda. Ena analeka n'kukhulupirira komwe timabotolo tawo. Mmodzi anabwera kwanga ndi chitini, telefoni ili m'manja, kabotolo ka mwamuna wake kakuoneka bwinobwino. Anati, "Nanga ngati akufa nawo amatumiza, ndidziwa bwanji kuti wanga ali mbali iti? Dzandithirireni."

Ine ndinkawakalipira. Ndinkati telefoni ikagwera m'chidebe imafa, nanji m'Zambezi? Koma ndisaname, ndinkaopa. Tsiku lina ndinamuperekeza Deolinda pachulu, dzuwa likuswa mtengo, ana akusewera mpira pabwalo la tchalitchi. Telefoni itanjenjemera m'manja mwake, ine ndinaona m'maganizo chala chotuwa, chofufuma ndi madzi, chikudina. Ndinatsika osatsanzika.

Deolinda yekha ndiye anali phee. Ankasesa, ankatunga madzi, ankasosa munda kudikira mvula. Bulangete lija analichapa, nalipinda bwinobwino kumutu kwa mphasa. Nkhope yake inali yosalala moti inkandiopsa kuposa telefoniyo. Lero ankati mwina Lino anakokoloka mpaka kutali, ali m'nyumba ya anthu achifundo, wavulala pakamwa. Mawa ankati wagwidwa chifukwa cha maukonde oletsedwa ndipo akuchita manyazi kunena. Akatekisita atabwera kudzapemphera naye, anawalandira mwaulemu, koma atayamba pemphero la omwalira iye anadzuka n'kukaona mbuzi.

Ndiye mchere wa m'chitini mwake unayamba kunyowa. Ndikudziwa, mchere umatuluka thukuta mvula ikayandikira, ngakhale wanga umatero. Koma mvula inali isanagwe ngakhale dontho. Wanga unali gwa, wake ukuchita kudontha kunsi kwa chitini, n'kusiya chizindikiro chonyowa pathandala. Anauyanika padzuwa, pofika madzulo unali utanyowanso. Zimenezi sindinauze munthu.

Kenaka Ivânia anayamba kutsokomola. Kamwana kokonda kudya kanayamba kusiya chakudya m'mbale, nthiti n'kumaonekera. Ndinakabereka ndekha kupita nako ku posto, kachipatala kathu. Enfermera, namwino wa pamenepo, anakapima, nati ndi chifuwa cha fumbi, ana ambiri akudwala chomwecho, napereka mankhwala akumwa. Ndinamukhulupirira, pakuti ndi wophunzira ndipo fumbi linalipodi. Koma pobwerera, amayi a pamjigo anangoyang'ana mwanayo kumsana kwanga, n'kuyang'anana. Palibe anatchula mawuwo, poti mdulo satchula mwana akumva.

Kuyambira pamenepo palibe analandiranso chakudya cha kwa Deolinda. Ine ndinayamba kumuitana Ivânia kwanga nthawi ya nkhomaliro, ati adzasewere ndi anzake, n'kumudyetsa komweko. Deolinda si mwana, anaona. Anandipeza ndikupeta chimanga.

"Mana, mwana wanga mukumudyetsa kwanu chifukwa chiyani?"

"Amakonda mfutso wanga."

"Musandinamize. Mukuti ndikumudula."

"Ine sindinatero."

"Mukuti bambo ake anafa."

Ndinakwiya, chifukwa choonadi chikakugwira pakhosi umakwiya. "Deolinda, ine sindikudziwa! Iwenso sukudziwa! Koma amene akutsokomola ndi mwana, si telefoni."

"Ndikasiya kuthira mchere, ndiye kuti ndawapha ndine," anatero, mawu ali pansi. "Iwo akundiuza tsiku ndi tsiku kuti ali moyo. Ndiwayankhe kuti mukunama, munafa?"

Ndinamumvera chisoni.

Artur naye anali ndi yake. Kwathu munthu akasowa m'madzi timaika m'manda thunthu la nthochi titalikulunga m'nsalu, kuti mzimu udziwe kwawo ndipo otsala amete. Iye ankafuna zichitike mvula isanagwe, anthu asanabalalikire m'minda, misewu isanaduke. Koma maliro a mwamuna amayamba ndi mfuu ya mkazi wake. Popanda iyo mukungokwirira nthochi.

"Mlamu, mbale wanga akuzunzika," anatero Artur atabwera kudzachonderera. "Akungoyendayenda, alibe pogona. N'chifukwa chake akukutumizirani zimenezi."

"Kaikeni nthochi yanuyo," anayankha Deolinda. "Mukafuna ndikupatsani ndi mkoko womwe. Ine sindilira munthu amene wandipatsa moni m'mawa uno."

Mawa lake Ivânia anatsokomola mpaka kusanza, ndipo ine zinandikwana.

"Nyamuka," ndinamuuza mng'ono wanga. "Tipite konko. Kaya ndi Lino, kaya ndi mbala, kaya ndi cha pansi pa madzi, ukachione ndi maso ako."

Ndinkayesa akana. Anangolowa m'nyumba n'kutenga chitenje chatsopano chimene ankasungira tsiku lobwera mwamuna wake. Mwana tinamusiya kwa mayi athu aang'ono.

Tinakwera kamyau, lole yonyamula chimanga, mpaka ku Fingoè, tinagona kwa wachibale, kenaka tinapeza ina yotsikira kwa asodzi. Imeneyi inanyamula matumba a mchere wothira nsomba, ndipo tinakhala pamwamba pake njira yonse, ine ndikuti Mulungu naye ali ndi nthabwala zake. Ndinamulangiza Deolinda kuti tikafika tisadzitchule, kuopa kuti mbalayo ingathawe.

Tinafika m'mawa, mabwato asanabwere kumtunda. Ndi malo a misasa ya udzu, mathandala oyanikapo nsomba, ntchentche ndi fungo lolowa mpaka m'tsitsi. Kutsogolo madzi okhaokha, otuwa, ndi mitengo youma itaima m'madzimo, nthambi zili m'mwamba. Ndinakumbuka za midzi yomira ija, ndipo sindinafune kuyang'ana nthawi yaitali.

Telefoni ya Deolinda inali itazima panjira. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anatilozera baraka yokhala ndi paineli ya magetsi a dzuwa padenga. "Pitani kwa Dona Cecília. Matelefoni onse a pano amadyera kumeneko."

Dona Cecília anali mayi wamkulu, waimvi, wolankhula mosakaniza ndi Chinyungwe. Anatipatsa benchi ndi chingwe osafunsa zambiri. Deolinda analumikiza, nakhala telefoni ili pamiyendo. Patebulo panali beseni lodzaza matelefoni, iliyonse yomangidwa kansalu ka mtundu wake.

Mabwato anayamba kufika. Munthu akadali m'madzi a m'mawondo ankakuwa: "Dona Cecília, mchere!" Mayiyo ankatchinga dzuwa ndi dzanja, kumuyang'anitsitsa, kenaka n'kusankha telefoni m'beseni, n'kudina, n'kuiika pambali. Wina: "Dona Cecília, mchere kwa amayi a Flávia!" N'kudina. Amunawo sankafika n'komwe ku baraka, ankathamangira kutumbula nsomba dzuwa lisanaziwononge, manja ali mamba okhaokha. Ndinamva Deolinda akupuma mofulumira pambali panga.

Bwato lomaliza litakokedwa pamchenga, beseni linali litatha. Dona Cecília sanakhale pansi. Anaima pakhomo akuyang'ana kumadzi, kupitirira mitengo youma ija, nthawi yaitali ndithu. Kenaka anapisa dzanja pachifuwa natulutsa telefoni ina, yosweka pakona. Inali yomangidwa kansalu kobiriwira ka madontho achikasu. Chitenje chimenecho ndinagula ndine, pa ukwati wa Deolinda.

Anadina. Telefoni ya pamiyendo pa mng'ono wanga inalira.

Dona Cecília anatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana telefoniyo, nayang'ana nkhope ya Deolinda. Anakhala pansi, padothi.

"Ndinu amayi a Ivânia," anatero.

"Mwawaona lero?" anafunsa Deolinda, mwaulemu ngati akufunsa njira.

"Nee, mwanangu."

"Dzulo?"

"Nee. Chichokere tsiku la mvuu lija sindinawaone."

Ine pamenepo magazi anandikwera kumutu. Ndinaimirira, ndipo zimene ndinanena si za munthu wa kwaya. Ndinamuuza kuti ndi mfiti, kuti mudzi wonse uli pamoto chifukwa cha chala chake, kuti kunyumba kuli mwana akutha ngati sopo, kuti wamuimika mng'ono wanga pakati pa njira, osakhala wokwatiwa, osakhala wamasiye. Asodzi anasiya mipeni n'kuyamba kusuzumira. Mayiyo sanadziteteze, anangowerama.

Deolinda anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi.

"Nanga kale lonse?" anafunsa. "Asanasowe. Ankatumiza ndani?"

"Ndine ndemwe. Telefoni sipita pamadzi, mwanangu, onse amasiya pano. Koma sindinkadina ndisanawaone ndi maso angawa. Amuna anu ankayamba kukuwa bwato likadali uko: 'Dona Cecília, mchere kwa patrowa wanga, ana angandifere ndi nyemba zozizira!' Tsiku lililonse mawu omwewo, anthu n'kumaseka."

Deolinda anamwetulira pang'ono. Anali Lino yemweyo, panalibe chokayikitsa.

"Tsiku lijalo," mayiyo anapitiriza, "mabwato onse anabwereranso pamadzi kukawafuna. Ine ndinatsala pano, telefoni ili m'manja, dzuwa likukwera. Ndinati mwina ali m'mabango, abwera masana, ndikapanda kutumiza mkazi wawo afa ndi mtima pachabe. Ndinadina. Mawa lake ndinati lero lokha. Akulu awo atabwera kudzatenga bulangete ndinaibisa, poti ndinali nditanama kale. Ndinkamva mukuimba, ikunjenjemera pachifuwa pangapa. Mawu a akulu awo aja ndinawamvera, sindinadye tsiku limenelo. Koma m'mawa uliwonse ndikati ndisiye, ndinkaona ngati madzi angowabisa, wowapha ndikhala ine."

Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Amuna anga anapita pamadzi omwewa, inu mukadali mtsikana. Uthenga anandiuza ndi munthu wodutsa, nsomba zili pamutu, osakhala n'komwe pansi. Ine ndinkalakalaka wina atandinamizako, ngakhale tsiku limodzi."

Mawu akuti wowapha ndikhala ine ndinali nditawamva kale kwa mng'ono wanga, ndipo mkwiyo wanga unasowa pogwira. Sindinamukhululukire mayiyo, ngakhale lero ndikamukumbuka mtima umawira, koma ndinatseka pakamwa.

Deolinda anapempha kuti amulozere malo. Dona Cecília anatitengera kumphepete, naloza kupitirira mtengo wina wouma wa nthambi ziwiri. Panalibe choona, madzi basi, ndi mbalame yakuda itakhala panthambi ikuyanika mapiko. Deolinda anayang'ana mpaka ine ndinatopa kuima. Sanalire. Anatambasula dzanja, mayiyo anaikamo telefoni ya Lino, ndipo tinabwerera ndi kamyau yomweyo, tsopano itanyamula nsomba zouma.

Njira yonse ine ndinkadikira mfuu ya Deolinda, pa Fingoè, pamlatho, polowa m'mudzi, koma sinabwere. Artur ndinamuuza zonse, ndipo anafuna kukadula nthochi nthawi yomweyo. Ndinamuletsa. Ndinati mwini wake sananene kanthu.

Kutacha Deolinda anasesa, anatunga madzi, anatereka nyemba. Ivânia anali pakhonde atafunda bulangete la bambo ake, chifuwa chikulira pang'ono. Dzuwa litakwera ndinaona mng'ono wanga akutuluka, kulunjika kutchalitchi. Ndinamutsatira chapatali. Akazi amene anali pachulu atamuona anatsika mmodzimmodzi.

Anakwera yekha. Anatulutsa matelefoni onse awiri, yake kumanzere, ya Lino kumanja. Poyamba anangoimika yakeyo m'mwamba monga mwa masiku onse, n'kudikira. Kunali kamphepo kotentha, mitambo ikusonkhana cha ku Zambia. Sinalire. Kenaka anatsegula ya Lino. Nditayandikira ndinaona chithunzi cha nkhope yake yomwe pamwamba, pansi pake mzere wautali wa timabotolo, ndipo chala chake chachikulu chinali chitaima pamwamba pa kena.

Ndinadziwa chimene chinali m'mutu mwake, ndipo ndinaopa kuposa mmene ndinaopera chala cha pansi pa madzi chija. Akanangodina, yake ikanalira, iye n'kutsika kukathira mchere, mawa chimodzimodzi, mpaka ukalamba, ndipo palibe Zambezi wina amene ndikanamutengerako. Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kumulanda. Koma pakamwa panga, pamene sipadziwa kutseka, tsiku limenelo panauma.

"Mana," anatero osatembenuka, "ankati chiyani paja? Ana angandifere ndi nyemba zozizira?"

"Ankatero."

"Chitsiru cha munthu," anatero, ndipo mawu ake anali ofewa moti misozi inandilengeza ine.

Anazimitsa telefoni ya Lino, naimangira pamfundo ya chitenje. Tinatsika limodzi.

Nyemba zinali zitapsa. Deolinda anavundukula mphika, natakasa, natenga chitini pathandala. Anaima nacho kanthawi, akuyang'ana mwana wake pakhonde. Kenaka anachitambasulira kwa ine ndi manja awiri.

"Mana Domingas, dzandithirireni mchere."

Ndinatapa, wonyowa womwe uja, ndipo ndinathira wopitirira muyezo. Usanasungunuke n'komwe, mng'ono wanga anakhala pansi paphulusa, nagwira mutu, naitana dzina la mwamuna wake mokweza moti nkhuku zinabalalika. Amayi a m'mudzi anasiya miphika yawo pamoto n'kuyamba kubwera, ndipo kuseri kwa nyumba ndinamva Artur akunola chikwanje.